Galimoto Yomwe Ndinaitseka Pakamwa ndi Thonje

Pa Balaka pano alipo achikulire ena amene mpaka lero akandiona ndikudutsa amayamba kuimba mluzu. Sikuti amakhala akundiitana iyayi. Amangoimba chamunsimunsi maso ali kumbali, kenako n'kumafunsana ngati thonje lachita bwino chaka chino. Ine ndimangopitirira ngati sindinamve, chifukwa nkhani yake ndikuidziwa, ndipo m'kati mwake muli maliro. Bola muimve kwa mwini wakene, poti ena akamaikamba amathira mchere wambiri mpaka kunena kuti galimotoyo inayaka moto (sinayake, ngakhale kuti tsiku limenelo ndikanakonda ikanayaka ine ndili momwemo).

Zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya chipani chimodzi, pamene khadi la chipani tinkalisamala kuposa chithunzi cha ukwati. Ine ndinali dalaivala wa Che Saidi, bambo wa Chiyao amene anali ndi sitolo ya nsalu pa Balaka pompano. Udalaivala ndinauphunzirira pa malole a dizilo onyamula thonje kupita ku jinala, fakitale yochotsa njere ku thonje ija, ndipo poti ndinkadziwa kusintha fyuluta ndi kupopa dizilo ikalowa mpweya, ndinkadzitcha makaniko. Che Saidi anali munthu wosakayikira anzake, choncho anandikhulupirira.

Bamboyo anali ndi akazi awiri. Aakulu, Abiti Jafali, ankakhala m'nyumba ya kuseri kwa sitolo ndipo ankalima thonje kwawo ku Utale. Aang'ono ankakhala kumudzi wina kupitirira pa Nsanama, m'boma la Machinga. Awiriwa sindinawamvepo akutukwanana, komanso sindinawaonepo atakhala pamphasa imodzi. Che Saidi ankagawa masabata. Ine ndinkakawatula ku Machinga, n'kubwerera kudzathandiza m'sitolo, sabata ikatha n'kukawatenga.

M'nyumba ya Abiti Jafali munali sutikesi ina yosatsegulidwa wamba. Munali sanda ya Che Saidi, nsalu yoyera ija Asilamu amakulungiramo munthu akamwalira. Mwina mufunsa kuti munthu wogulitsa nsalu sanda ingamusowe bwanji. Iyi inali ina. Mnzawo amene anapita ku Makka anaiviika m'madzi a chitsime chopatulika cha kumeneko n'kuwabweretsera. Iwo eni ulendowo ankaulakalaka chaka ndi chaka koma sunkatheka, tsono ankati poti miyendo yawo yalephera kukafika, bola thupi lawo lidzagone mu nsalu yomwe inakafika. Tsiku lomwe anaipereka kwa akazi awo ine ndinali pakhonde pomwepo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa.

"Ndikadzafera kulikonse, iyi mudzabwere nayo ndinu, osati wina," anatero Che Saidi.

Abiti anangoilandira ndi manja awiri. Anali mayi wa mawu ochepa, wonenepa, woyenda mosathamanga, ndipo pa zinthu zonse zimene amuna awo ankagawa pakati pa nyumba ziwirizo, ichi chokha ndicho chinali chawo okha.

Tsopano za galimoto. Amene anabwera nayo kuchokera ku Joni anali Kassimu, mwana wa alongo awo a Che Saidi. Inali yaitali, yakuda bii, ya petulo, masilinda sikisi. Titatsegula boneti ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo: pambali pa injini panali chibokosi cha chitsulo chotuwa chokhala ndi lamba wakewake. Kassimu anati dzina lake ndi supachaja, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi mvukuto wa munthu wosula makasu. Injini wamba imakoka yokha mpweya monga timapumira tonsefe, koma iyi imachita kukankhiridwa mpweya m'kamwa, ndipo mpweya ukachuluka petulo amapsanso wambiri, mphamvu n'kukhala ngati ya galimoto ziwiri. M'kati mwa chibokosicho muli zitsulo ziwiri zozungulira molowana ngati zala za manja awiri, koma osakhudzana, mpata wake woti ngakhale tsitsi lingavutike kudutsa. Ukamayenda pang'onopang'ono chimangogona. Ukaponda moto kwambiri ndi pomwe chimadzuka.

Malangizo a Kassimu ndikuwakumbukira mpaka lero. Petulo akhale wa supa yekhayekha, osati uja wa m'zigubu wa ku Nkaya wosakaniza ndi parafini, chifukwa injini yopanikizidwa mpweya ikamwa petulo wofooka imagogoda mpaka kuboola pisitoni. Supachaja ili ndi oyilo wake wapadera, wonunkha moipa, osathiramo wa mu injini. Lamba asalefuke, akalefuka amaterera n'kupsa. Ndipo koposa zonse eyakilina, sefa ya mpweya ija, ikhale yoyera ndi yosang'ambika, pakuti kamchenga kakangolowa m'zitsulo zija kamazikanda, mphamvu n'kutha. Atamaliza anandifunsa ngati ndamva. Ine ndinayankha kuti zimenezo n'zachibwana kwa munthu amene wachokera ku malole.

Chilungamo chake, malangizowo ndinkawasunga. Ngakhale petulo atasowa, poti njanji ya ku Mozambiki inali itatsekedwa ndi nkhondo, wa ku Nkaya sindinathiremo n'kadontho komwe. Vuto linachokera kwina. Ukaponda moto, chibokosi chija chinkalira mluzu woyambira pansi n'kumakwera, n'kumakwerabe, wiii, mpaka m'makutu kuchita kuyabwa. Kassimu anati imeneyo ndiye nyimbo yake, ikadzasiya ndiye kuti yadwala. Ku Joni mwina inalidi nyimbo. Kuno kwathu, galimoto yaitali yakuda ikamabwera ikulira choncho, aliyense ankadziwa chinthu chimodzi chokha: kukubwera mdipiti wa akuluakulu a boma ndi masailini awo, ndipo wotsala mumsewu adziwa yekha.

Apanjinga ankadziponya m'ngalande ndi katundu yemwe. Amayi osenza nkhuni ankatula n'kugwada. Tsiku lina pa Phalula ogulitsa tomato anaimirira onse n'kuyamba kuwomba m'manja, ndipo wapolisi wina anatimenyera sawatcha, atazindikira kuti kumbuyo kwakhala wogulitsa nsalu dzanja linatsika pang'onopang'ono ngati akukanda khutu. Che Saidi ankachita manyazi n'kumadziphimba kumaso ndi kofia. Ine sindibisa, zinkandikoma. Mwana wa mlimi wa nandolo, anthu n'kumandigwadira. Penapake ndinkachita kuponda dala moto pomwe panalibe chothamangira.

Zokoma sizikhalitsa. Masana ena m'sitolo munalowa a tcheyamani a chipani a dera lathu, bambo wamfupi wokonda kuyenda ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Anagwiragwira nsalu zingapo osagula, akutafuna, kenako anayang'ana kunja komwe ndinaimika galimoto.

"Che Saidi, galimoto yanu ili ndi mawu abwino," anatero. "Kungoti m'dziko muno zolira choncho eni ake timawadziwa. Kaya inu mwakwezedwa liti, ife sitinauzidwe."

Anaseka, nafenso tinaseka, iwo n'kutuluka. Achinyamata a lero simungamvetse chifukwa chomwe Che Saidi anakhalira pansi pa mpukutu wa nsalu thukuta lili kamukamu. Masiku amenewo munthu ankatengedwa chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyi, abale ake osayerekeza n'komwe kufunsa kumene wapita. Atapezako mpweya anandiitana ndi chala n'kundiuza monong'ona kuti chinthu chimenechi chisiye kulira, kaya ndichita bwanji koma chisiye.

Munthu wanzeru akanafunsa Kassimu, amene anali atabwerera ku Joni. Koma makalata opita kunja ankatsegulidwa, ndiye ndani akanalemba ndi dzanja lake kuti galimoto yathu ikulira ngati ya akuluakulu? Komanso ine ndinali nditanena kale kuti zonse n'zachibwana. Akuti safunsa anadya phula, ineyo ndinachita kunyambita ndi chala chomwe.

Poyamba ndinamangirira bulangeti lakale kunsi kwa boneti. Mluzu sunasinthe, kungoti tsopano tinkanunkha ngati nyumba yomwe mwapsa zovala. Kenako ndinalefula lamba pang'ono kuti chibokosicho chisamazungulire mwamphamvu. Lambayo anayamba kuterera n'kumalira kulira kwakekwake, kotero m'malo mwa woimba mmodzi tinakhala ndi kwaya. Ndinamubwezera msanga m'malo mwake. Tsiku lachitatu ndinauza mnzanga wina kuti aziponda moto galimoto ili chiimire, ine n'kumayendetsa khutu pa injini yonse, mpaka ndinapeza kuti mluzuwo ukutulukira kukamwa kwa paipi yokokera mpweya, pa eyakilina. Nditatseka pamenepo ndi chikhatho, mluzu unachepa. Ndinadziona ngati dokotala.

Ndinatsegula eyakilina ija. Sefa yake inali ya pepala lopindapinda, itadzaza fumbi la Balaka, ndipo ina yotero sinkapezeka ngakhale ku Limbe. Ndinati ndiikunthe pa tayala kuti fumbi lichoke, n'kung'ambika pakati. Pamenepo ndi pomwe nzeru za ku malole zinandibwerera. Ku jinala, makina akamasokosa, tonse tinkatseka makutu ndi thonje. Kuchipatala nako amasefera zinthu ndi thonje. Ndiye chinthu chimodzi chomwecho chikanatha kusefa fumbi n'kumezanso phokoso. M'chipinda chosungira katundu munali thumba la thonje la Abiti Jafali lomwe anapatula pa zokolola zawo kuti adzapangire mitsamiro, losachotsa njere. Ndinatapamo manja angapo (sindinapemphe, ndinati ndidzanena zikayenda bwino), ndinalikulunga m'kachitenje kakale, n'kulikanikizira m'malo mwa sefa ija mpaka chivundikiro kutsekeka movutikira.

Tinaiyesa kuzungulira tauni, kudutsa kumsika mpaka kusiteshoni ya sitima. Zii. Palibe anadziponya m'ngalande, palibe anagwada. Che Saidi anathokoza Mulungu m'Chiarabu, anandigulira sikono ndi chakumwa chozizira, n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo tiziyenda modzichepetsa, osapitirira liwiro la basi. Kwa masabata angapo tinayendadi choncho, injini ikuoneka yolemera pang'ono ngati munthu wachimfine, koma yaulemu. Sindinaganizeko kuti chinthu chija sichikulira chifukwa choti sindikuchidzutsa.

Uthenga unafika m'mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kwa kuno komwe ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Che Saidi anali ku Machinga sabata imeneyo. Dzuwa litakwera ndithu, mwini sitolo yoyandikana nafe, amene anali ndi lamya, anabwera akuyenda mwachifatse chodabwitsa, kofia ili m'manja. Anati Che Saidi agwa atangomaliza swala, pemphero lawo la m'mawa, ndipo sanadzukenso. Munthu anachita kupalasa njinga kukafika pomwe pali lamya, n'chifukwa chake uthenga unachedwa. Akumudziko anati adikira mpaka swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, kenako aika.

Ine mtima unasweka, pakuti bamboyo ankandisunga ngati mwana wawo. Koma Abiti Jafali sanalire. Ananena mawu aja Asilamu amanena akamva za imfa, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala zoyenera, m'manja muli kamtolo kokulunga m'chitenje chatsopano. Amayi awiri oyandikana nawo anakwera nawo kumbuyo. Azibambo a kumzikiti anabalalika kukasaka lole yokhala ndi dizilo, yomwe sanaipeze mpaka madzulo.

Kwathu ife Alomwe a mpingo maliro amadikira. Amagona tsiku, mwina awiri, mpaka wa ku Joni afike. Tsono pofuna kuwalimbitsa mtima ndinawauza Abiti kuti asade nkhawa, sangaike popanda mayi wamkulu wa pakhomo.

"Kwathu maliro sadikira munthu, a dalaivala," anatero. "Tiyeni."

Nthawi inalipo yokwanira, ngakhale pa liwiro lathu la basi lija. Chinatidyera nthawi ndi mlatho wa pa Liwonde. Pa rodibuloko panali anyamata oona makadi a chipani, ndipo Abiti, amene m'moyo mwawo anali asanaiwalepo khadi, tsiku limenelo analisiya m'chikwama china. Anatiimika pambali padzuwa. Ndinafotokoza za maliro, mmodzi wa anyamatawo anati aliyense wopanda khadi amakhala akupita kumaliro. Anapita kukaona basi yomwe inali itangofika, anatsitsa anthu onse, n'kuwaona mmodzimmodzi, ife tili chidikirire. Atabwerera anafuna kudziwa chomwe chili m'kamtolo kaja, dzanja atalitambasula kale.

"Tsegulani, koma mukasambe kaye m'manja," anatero Abiti. "Ndi sanda ya amuna anga."

Dzanja lija linabwerera lokha. Wapolisi wina wachikulire amene ankamvetsera chapatali anatikodola kuti tizipita. Koma pomwe tinkawoloka Shire, chithunzithunzi cha galimoto chinali chitayamba kale kupendekera kum'mawa.

Mukachoka pa Liwonde kulowera ku Ntaja pali zitunda zokwera ndithu. Tili pa chitunda choyamba, galimoto ikukwera mwaulemu wake uja, Abiti analankhula kumbuyoko osakweza mawu. Anati Kassimu ankanena kuti galimoto iyi imathamanga, ndiye ngati ili ndi tsiku loti ionetse, tsikulo ndi lero. Ndinaganiza za a tcheyamani, ndinaganiza za Che Saidi atagona pamphasa akudikira nsalu yawo, ndipo ndinaponda moto mpaka phazi kugunda pansi.

Chinthu chija chinadzuka. Ndinachimva chikulira cham'kati, mobanika, ngati munthu amene wam'tseka pakamwa ndi mtsamiro. Galimoto inalumpha kutsogolo, amayi awiri aja n'kugwirana. Kwa kanthawi ndinati zatheka. Kenako kunamveka fwuu, ngati munthu wameza chinthu chachikulu mwangozi, kutsatira kukhadzuka kwa zitsulo, ndiye lamba n'kuyamba kukuwa. Utsi wakuda unatuluka m'mbali mwa boneti. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima, ndipo tinaima pakati pa chitunda, m'galimoto monse mukununkha mphira wopsa ndi kafungo kena kachilendo, ka njere zokazinga.

Nditatsegula boneti ndinapeza lamba atasungunuka n'kumatirira pa pule, kagudumu ka supachaja komwe lambayo amazunguza, pule yakeyo yosatembenuka ngakhale ndi sipanala. Ndinatsegula eyakilina. Munalibe kanthu. Munangotsala kachidutswa ka chitenje kokodwa pa chivundikiro. Thonje lonse lija, ndi njere zake zomwe, supachaja inali italikoka n'kulitafuna, mpaka njerezo kukaphatika pakati pa zitsulo zija zomwe Kassimu anati zisalowe n'kamchenga komwe.

Ndinamasula mapaipi n'kuyamba kukokamo thonje ndi waya. Linkatuluka lakuda, lonyowa ndi oyilo, zingwezingwe. Sindinamve kuti Abiti atsika liti. Ndinangoona aima pambali panga, kamtolo kawo atakakumbatira pachifuwa kutali ndi utsi. Anawerama n'kutola njere imodzi yomwe inagwera pa bampala, anaiyang'ana kwa nthawi.

"Ili ndi thonje," anatero.

"Inde, mayi."

"La ku Utale?"

"Inde, mayi."

"Ine ndimati ndi makoswe akuchepetsa thumba lija."

 Akanandilalatira bwenzi ndikupeza poyankhira, koma anangobwerera kukaima pamthunzi wa kamtengo n'kumayang'ana kumsewu. Ndinadula lamba wopsayo, ndinabwezera mapaipi, n'kuyesa kuliza. Injini inkagwira pang'ono n'kutsamwa, chifukwa thonje lina linali litapitirira mpaka ku mavavu, m'kati mwa injini. Ndinayesa mpaka batire inafooka. Ndinapemphera m'Chichewa, ndinapemphera m'Chilomwe cha agogo anga chomwe ndimachidziwa mawu ochepa, koma palibe chinasintha.

Masiku a kusowa kwa mafuta amenewo msewu unkakhala zii nthawi yaitali. Inadutsa lole ya chimanga cha anthu othawa nkhondo, dalaivala anangotambasula manja kusonyeza kuti saloledwa kunyamula anthu. Ndinawapempha Abiti kuti andipatse kamtoloko ndithamange nako, mwina ndikapeza njinga kutsogolo. Anayang'ana manja anga akuda ndi oyilo (ankadziwanso kuti ndimadya mbewa) n'kundikumbutsa kuti mwini wake anati abwere nayo ndi iwo, osati wina. Pamapeto pake inatitola lole ya njerwa yomwe pa zitunda inkapitiriridwa ndi anthu apansi. Amayi awiri aja anatsala kulondera galimoto. Abiti anakhala kutsogolo, ine pamwamba pa njerwa, ndikuyang'ana dzuwa likutsika ngati kuti wina akulikoka ndi chingwe.

Titatsika pa Nsanama panatsala mtunda wa msewu wafumbi. Chokwera chomwe chinapezeka ndi njinga ya bambo wina wogula matemba ku Chilwa, amene anatsitsa dengu lake lopanda kanthu kuti Abiti akhale pa kaliyala. Mayi amene anali asanakwerepo njinga chibadwire anakhala cham'mbali, dzanja limodzi atagwira malaya a mwini njinga, lina atanyamula kamtolo pamwamba pa mutu kuti kasatenge fungo la nsomba. Ine ndinkathamanga pambuyo nditasenza dengu lija. Anthu m'midzi ankatuluka kudzationa, ndipo sindiwada amene anaseka, poti sankadziwa.

Tikuyandikira mudziwo tinakumana ndi gulu la azibambo likuchokera kumanda. Kutsogolo kwawo anthu awiri okha ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, mopepuka, wina atachigwira ndi dzanja limodzi. Mwini njinga anaima yekha osauzidwa. Abiti anatsika, anatsitsa kamtolo kaja pamutu n'kukayang'ana, ndipo pamenepo ndi pomwe analira. Kulira kumeneko sindikufuna kukufotokoza. Ndinakumva kamodzi ndipo kunandikwanira.

A shehe a m'mudzimo anafotokoza mofatsa kuti anadikira kupitirira nthawi yomwe ananena, koma ndi kutentha kuja sakanatha kugoneka maliro, choncho alongo awo a mayi aang'ono anakagula nsalu pa sitolo ya pa Nsanama. Mayi aang'onowo anatuluka m'nyumba n'kudzagwada patsogolo pa Abiti, akunena kuti anachonderera kuti adikirebe. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango, dengu la matemba lili pamapazi, thonje lakuda lili m'tsitsi. Mkulu wina anabwera kudzandipatsa moni n'kundiuza kuti anatuma anthu kumsewu kuti akatchere khutu, poti galimoto ya Che Saidi imamveka ikadali kutali, ndipo akanangomva mluzu uja akanaimitsa zonse. Anandifunsa kuti kodi yatani. Ndinati yadwala chifuwa.

Patapita masiku, tili pa Balaka, a tcheyamani anabwera kudzapepesa. Anakhala pampando, anatulutsa mtedza, anayamikira malemu kuti anali munthu wokhulupirika. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa chifukwa chomwe galimoto ija inasiyira kulira, poti iwo ankaikonda. Ndinawakumbutsa mwaulemu mawu awo aja.

"Aa, zija? Ndinkangocheza ine," anatero. "Inunso simudziwa macheza?"

Ndinaseka. Ndikunena zoona, ndinaseka, mpaka ndinati zikomo a tcheyamani, chifukwa nthawi imeneyo munthu wotero akati ndi macheza umayenera kuseka. Mwina ankachezadi, mwina iyayi. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati iwo eni ankadziwa.

Kassimu anafika pa sadaka ya arubaini, ija amachita pakatha masiku makumi anayi. Galimoto tinali titaikoka ndi thirakitala n'kuiika kuseri kwa sitolo. Anatsegula boneti, anayang'ana, anamvetsera nkhani yonse osandidula. Kenako anandigwira dzanja n'kuliika pa kawaya kena kakang'ono kolowa kuseri kwa pule ya supachaja. Anati pule imeneyo imagwira ndi magetsi, ndipo ndikanangozula kawayako chinthucho chikanagona osadzukanso, galimoto n'kumayenda mwakachetechete ngati ina iliyonse, tsiku lofuna liwiro n'kungokabwezera. Sipankafunika ngakhale sipanala. Zitsulo zatsopano anati adzatumiza, koma sizinabwere, ndipo galimotoyo inathera pomwepo nkhuku zikuikiramo mazira.

Ndinkayembekeza kuti Abiti Jafali andichotsa ntchito. Sanatero. Anandisunga m'sitolo kuti ndizidula nsalu, ndipo tsiku lililonse ndinkayeza mayadi a nsalu yoyera kwa anthu obwera ndi maso ofiira. Za tsiku lija analankhulapo kamodzi kokha, tikutseka sitolo. Anati sanda ija aibwezera m'sutikesi ndipo tsopano idikira iwo.

"Koma tsiku limenelo, a dalaivala, inu mudzabwere wapansi," anatero. "Ndipo musadzanyamule kanthu."

Kuyambira pamenepo sutikesi ija sinkasiyana nawo. Akamapita ku Utale kukatola thonje inkapita nawo, atagonekedwa kuchipatala inali pansi pa bedi. Anamwalira patapita zaka zambiri, kwawo ku Utale, chipani chimodzi chitatha kalekale, maminibasi ndi njinga zakabaza zili mbwee. Uthenga unandipeza m'mawa. Ana awo anandiitana kuti ndikwere nawo pikapu, ndinakana. Ndinayenda wapansi kuchoka pa Balaka mpaka ku Utale, chimanjamanja, ndi mawondo okalambawa, ndipo ndinafika swala isanayambe. Pamene ankawatulutsa m'nyumba ndinaona nsonga ya nsalu ija, itayamba kufiirira m'mapindo chifukwa cha zaka zomwe inakhala ikudikira.

Kaya ndinaphunzirapo chiyani, sindidziwa bwino, poti umakaniko sindinausiye ndipo mawailesi a anthu angapo anafera m'manja mwanga pambuyo pake. Koma chitseko cha kuchipinda kwathu chakhala chikulira zaka zambiri tsopano, ndipo mayi a kunyumba atopa n'kundiuza kuti ndithirepo kadontho ka oyilo. Ndimawayankha kuti achileke chizilira.